Kompyuta yosasokosera m'chilimwe

Anthu ambiri akamagula kompyuta ya patebulo amafunsa zinthu ziwiri: liwiro lake ndi mtengo wake. Za phokoso amazikumbukira makina atalowa kale m'nyumba, akulira ngati chigayo. Kwa ine phokoso ndi nkhani ya nsima. Ndimajambula mawu: makwaya a m'mipingo, anyamata oyimba, nthawi zina uthenga wamalonda wa pawailesi. Chipinda chogwirira ntchito ndi chimodzi, chaching'ono, ndipo kompyuta imakhala mamita awiri okha kuchoka pa maikolofoni. Maikolofoni yabwino imatola chilichonse. Ikatola kulira kwa fani, kuchotsa phokosolo kumawononganso mawu a woyimba, ndipo palibe kwaya imene ingalipire nyimbo yokhala ndi mkonono kumbuyo kwake.

N'chifukwa chake ndinasankha kugula zipangizo chimodzichimodzi n'kulumikiza ndekha. Si onse amene amajambula mawu, koma alipo ambiri amene amagwira ntchito usiku m'chipinda chomwe mwagona mwana, kapena amene kompyuta yawo imazima yokha masana a Okutobala. Vuto lathu tonse gwero lake ndi limodzi: kutentha.

Magetsi onse amene kompyuta imadya amatsirizira kukhala kutentha. Amene munagwirapo babu lakale la mawati 100 likuyaka mukudziwa mmene limawotchera. Kompyuta yodya mawati 300 ili ngati mababu atatu oterowo mutawatsekera m'bokosi lachitsulo. Kutenthako kuyenera kutuluka, ndipo chokutulutsa ndi mafani. Kukachuluka, mafani amathamanga, ndipo phokoso limabadwira pomwepo. Choncho amene akufuna bata ayambe wafunsa kuti chipangizo chilichonse chidya mawati angati, asanayambe kufunsa za mafani.

Chachikulu ndi pulosesa. Pa bokosi lake kapena pa tsamba la kampani pamalembedwa nambala ya mawati, imene amaitcha TDP. Ryzen 5 7600 ya kampani ya AMD ndi ya mawati 65. Mbale wake wa dzina lofanana koma lokhala ndi X kumapeto, 7600X, ndi wa mawati 105, ngakhale kusiyana kwa liwiro n'kochepa moti pa ntchito wamba simungakuzindikire. Ku Intel muyenera kuwerenga manambala awiri: Core i5-12400 imalembedwa mawati 65, koma ikapanikizika imaloledwa kufika 117, pomwe Core i9-13900K imafika 253. Pulosesa ngati yomalizayi ndi ya anthu amene ntchito yawo imaifunadi ndipo ali ndi chipinda chozizira. Kuigula chifukwa choti nambala 9 ndi yaikulu kuposa 5 n'kugula lole kuti muzipitira kumsika wa tomato.

Ine ndinatenga Ryzen 5 5600G ya mawati 65, imene inatuluka mu 2021. Si yatsopano, koma ili ndi mbali yoonetsa zithunzi m'kati mwake momwemo, kotero sindinafunikire kugula graphics card. Pamenepo ndinapulumutsa ndalama, komanso ndinachotsa gwero lina lalikulu la kutentha pamodzi ndi mafani ake awiri kapena atatu. Chipangizo chomwe mulibe sichisokosera.

Ndikudziwa kuti achinyamata okonda magemu ndiponso okonza makanema sangachite popanda graphics card. Kwa iwo lamulo ndi lomwelo. RTX 4060 imadya mawati 115, RTX 4090 imadya 450. Pakati pa makadi a mtundu umodzi, yaikulu thupi, ya mafani awiri kapena atatu, imakhala yofatsa kuposa yaing'ono ya fani imodzi, ndipo ambiri a masiku ano amaimitsa mafani kotheratu ngati mukungolemba kalata kapena kuwerenga nkhani pa intaneti. Yezani kutalika kwa bokosi lanu musanaitanitse.

Tsopano pali chinthu chimene makanema a pa YouTube sanena kawirikawiri, chifukwa owapanga amakhala kumaiko ozizira. Choziziritsira pulosesa si firiji. Sichipanga kuzizira. Chimangotenga kutentha n'kukupereka ku mpweya wa m'chipinda, ndipo sichingatsitse pulosesa kuposa mmene mpweyawo ulili. Munthu woyesa zipangizo ku London kapena ku Berlin amayesera m'chipinda cha madigiri 21 kapena 22. Chipinda cha malata chopanda siling'i ku Salima kapena ku Mangochi chimadutsa madigiri 30 mosavuta masana a chilimwe, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kunja komwe kumafika 40. Madigiri owonjezerawo amakwera molunjika pa pulosesa. Mukaona pa kanema kuti choziziritsira chakutichakuti chinasunga pulosesa pa madigiri 75, kwanu werengerani 85 kapena kuposa. Mapulosesa ambiri akafika pakati pa 90 ndi 100 amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse. Apo ndi pamene kompyuta yokwera mtengo imayamba kukwawa, mafani ali pa liwiro la mtondo wadooka.

Kwa ine n'zovutirapo, chifukwa pojambula ndimatseka mazenera n'kuzimitsa fani ya m'chipinda. Anthu khumi akuyimba m'kachipinda kotseka amatenthetsa mpweya msanga. Ndiye ndinagula choziziritsira chachikulu kuposa chimene pulosesa yanga imafuna. M'bokosi la 5600G mumabwera kachoziziritsira kake kaulere, ndipo kamagwira ntchito, koma n'kakang'ono, ndipo kuti kakwanitse kamayenera kuthamanga. Chimene ndinaika ndi cha mtundu wa nsanja: timapaipi ta mkuwa tochokera pa pulosesa, tolowa m'timapepala tambirimbiri ta aluminiyamu tosanjikizana. M'timapaipimo muli timadzi pang'ono. Tikatentha timasanduka nthunzi, nthunziyo imakwera kukafika kozizira, imasandukanso madzi n'kubwerera pansi, ndipo zimazungulira choncho popanda injini iliyonse. Timapepalato tikachuluka, mpweya woyenda pang'onopang'ono umakwanira kuchotsa kutentha.

Dzina lotchuka pa zoziziritsira ndi Noctua ya ku Austria, ya mafani a mtundu wa khofi wothira mkaka amene ena amati ndi onyansa. Ndi zabwino, koma mtengo wake ndi wolasa. Thermalright Peerless Assassin 120 imagwira ntchito yoyandikira pa ndalama zochepa kwambiri, ndipo pa pulosesa ya mawati 65 ngakhale nsanja imodzi ngati Cooler Master Hyper 212 ndi yokwanira. Chofunika kuyang'ana ndi msinkhu. Noctua NH-D15 ndi yotalika mamilimita 165, ndipo mabokosi ambiri otsika mtengo satseka chitseko mukaiikamo. Bokosi lililonse limalemba msinkhu wa choziziritsira chimene lingalandire. Kuwerenga nambala imeneyo kumatenga mphindi imodzi, pomwe kubweza katundu ku Johannesburg kumatenga mtima wonse.

Za zoziziritsira za madzi, zokhala ndi mapaipi a labala ndi radiator ngati ya galimoto, maganizo anga ndi akuti n'zokongola kuziona koma si za kuno. Muli kapampu kamene kamalira nthawi zonse, ngakhale kompyuta isakugwira ntchito yolemetsa, ndipo kulira kwake n'kwa mtundu umene khutu silizolowera. Kapampuko kakafa, pulosesa imatentha nthawi yomweyo ndipo chonsecho chimafunika kusintha. Muyenda masitolo angati a ku Limbe kapena ku Old Town musanachipeze? Choziziritsira cha mpweya chilibe chimene chingafe kupatula fani, ndipo fani ya mamilimita 120 iliyonse ingakugwirireni podikira yabwino.

Pa mafani enieniwo, wamkulu ndiye wofatsa. Fani ya mamilimita 140 yozungulira maulendo 700 pa mphindi imakankha mpweya wambiri mwakachetechete, pomwe kafani ka mamilimita 80 kamayenera kuzungulira maulendo masauzande kuti kafikeko, n'kumalira ngati udzudzu m'khutu. Mafani atatu oyenda pang'onopang'ono amamveka pang'ono kuposa imodzi yothamanga. Sankhani a mawaya anayi, olembedwa PWM, chifukwa amenewo motherboard imatha kuwalamulira liwiro bwinobwino mpaka pansi penipeni. Onaninso chimene fani imazungulirapo. Otsika mtengo kwambiri, olembedwa sleeve bearing, mafuta awo amauma msanga m'malo otentha ndipo amayamba kukhuluza. Olembedwa fluid dynamic bearing amakhalitsa. Arctic P12 ndi P14 ndi mafani abwino osadula. Pa bokosi la fani pamalembedwa phokoso lake m'ma decibel, ndipo ndi bwino kudziwa kuti kuwonjezera ma decibel 10 khutu limakumva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Koma kampani iliyonse imayeza mwa njira yake, ndiye manambala a makampani awiri osiyana musawayerekeze ndi mtima wonse.

Nanga magetsi a mitundumitundu aja, ofiira, obiriwira, ozungulira ngati disko? Amene amawakonda awagule, ndalama ndi zawo. Angodziwa kuti sachotsa kutentha ngakhale digiri imodzi, ndipo mafani ambiri otsika mtengo owala choncho amalumikizidwa molunjika ku power supply, kotero amathamanga pa liwiro lawo lonse usana ndi usiku popanda wowaletsa.

Bokosi ndi pamene ndinaganiza nthawi yaitali, chifukwa pali njira ziwiri ndipo iliyonse ili ndi oikonda. Ina ndi yotseka phokoso m'kati: bokosi la zitseko zochindikala zomatidwa thonje lapadera, ngati Define ya kampani ya Fractal Design ya ku Sweden kapena mabokosi ena a be quiet! ya ku Germany. Ina ndi yotsegula kutsogolo konse ndi kaukonde kachitsulo kuti mpweya uzilowa momasuka. Poyamba njira yotseka imaoneka yanzeru kwa munthu wofuna bata. Koma chotsekereza phokoso chimatsekerezanso mpweya, ndipo mafani amayenera kulimbikira kuti aukoke kudzera m'timipata ta m'mbali. Kumalo kozizira zimenezo zilibe kanthu. Kuno ndinaona kuti bokosi lotsegula kutsogolo, lokhala ndi mafani awiri a 140 oyenda mwaulesi, lindipatsa bata lochuluka m'miyezi imene ndimalifunitsitsa. Loyenera kulithawa ndi lija la galasi kutsogolo, mafani atatu owala atakanikizidwa pa galasilo popanda polowera mpweya. Limagulitsidwa kwambiri chifukwa limakongola pa shelefu.

Bokosi lotsegula limabweretsa mdani wachiwiri, fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, aliyense wokhala pafupi ndi msewu wadothi amadziwa kuti tebulo lopukutidwa m'mawa limalembeka ndi chala madzulo. Fumbi likakhala pakati pa timapepala ta choziziritsira limakhala ngati bulangete. Mankhwala ake ndi sefa pa malo onse olowera mpweya, kutsogolo ndi pansi, yotheka kuisolola popanda kumasula bokosi. Kenako mafani olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa: ine ndili ndi awiri kutsogolo olowetsa, ndi imodzi kumbuyo yotulutsa. Zikatero mpweya wa m'kati umakhala wopanikizika pang'ono, ndipo m'timing'alu tonse ta bokosi umatuluka m'malo molowa. Mukachita mosemphanitsa, bokosi limayamwa fumbi paliponse pamene pali kabowo, sefa ili apo kungoonerera.

Power supply ndi chipangizo chimene anthu amachisiyira ndalama zotsala, pomwe ndicho chingawotche zinzake zonse. Ntchito yake ndi kusandutsa magetsi a pakhoma a mavoti 230 kukhala ochepa amene zipangizo zimadya, ndipo posandutsapo ena amatayika ngati kutentha. Chizindikiro cha 80 Plus chimatanthauza kuti magawo osachepera 80 pa 100 alionse amafika kumene akufunika. Ya Gold imafika pafupifupi 90. Tiyeni tiwerengere. Kompyuta yofuna mawati 200, pa power supply ya magawo 80, imakoka 250 pakhoma, ndipo 50 amasanduka kutentha m'kabokosi kakang'onoko. Pa ya magawo 90 imakoka pafupifupi 222, otayika ndi 22 okha. Kutentha kwatsika ndi theka n'kupitirira, ndipo mayunitsi a magetsi nawo akukhalitsa. Zambiri za Gold zochokera ku makampani ngati Seasonic ndi Corsair zimaimitsa fani yake ntchito ikakhala yopepuka. Yanga ndi ya mawati 550, kuposa kwambiri zimene kompyuta imafuna, ndipo fani yake nthawi zambiri imangokhala.

Zija zopanda dzina, zopepuka ngati mkate, zolembedwa mawati 500 koma zogulitsidwa pa mtengo wa chakudya chamasana, zisiyeni. Ndipo power supply iliyonse musaitsegule, ngakhale mutaizula pakhoma, chifukwa m'kati mwake muli zosunga magetsi zimene zingakumenyeni koopsa. Mphemvu ndi nalimata zimakonda kufunda kwa mmenemo, china chimene sefa ya pansi imathandiza.

Kusankha zipangizo zodya pang'ono kuli ndi phindu lina limene anzathu a kunja saliganizira: magetsi akathima. Kompyuta yanga yonse, popanda sikirini, imadya mawati osafika 120 ngakhale itapanikizika, ndipo UPS yaing'ono imaigwira mpaka nditasunga ntchito n'kuzimitsa mwaulemu. Amene ali ndi sola ndi batire amadziwa kusiyana kwa kudyetsa mawati 100 ndi kudyetsa 500. Pogula inverter kapena UPS, yolembedwa pure sine wave ndi imene imagwirizana ndi ma power supply amakono. Zinazo zimatha kuchititsa power supply kulira mokhuluza, kapena kuzima pa nthawi yosinthira ku batire.

Posungira zinthu nkhani yake ndi yaifupi. Hard drive yakale ili ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kunjenjemera kwake kumalowa m'chitsulo cha bokosi mpaka m'tebulo. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Ine m'kati ndinaika SSD yokha, ya mtundu wa M.2 yomangirira pa motherboard. Nyimbo zakale ndimasunga pa hard drive yakunja imene ndimailumikiza pofuna kukopera basi. RAM siisokosera, ingopewani ya zipewa zazitali zimene zimagundana ndi choziziritsira. Pa motherboard werengani malo olumikizira mafani, akhale okwanira onse amene mwagula.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma. Zipangizo zambiri zimene ndatchulazi sizipezeka pa shelefu kuno. Zimabwera ndi oitanitsa katundu ku South Africa, ku Dubai kapena ku China, kapena m'chikwama cha m'bale wobwera ku tchuthi. Chikalakwika, chitsimikizo cha kampani chili kutsidya la nyanja. N'chifukwa chake ndinaika ndalama zambiri pa zinthu zokhalitsa: power supply, bokosi, choziziritsira ndi mafani. Zimenezi zimapitirira kugwira ntchito ngakhale mutasintha pulosesa kawiri. Pulosesa ndi RAM zogwiritsidwapo kale ntchito ndingagule popanda mantha ambiri, chifukwa sizifa wamba. Power supply yakale ayi.

Kwa amene thumba silikulola, makompyuta a m'maofesi obwera ngati kaunjika, a Dell OptiPlex kapena HP, si oipa. Ambiri amadya magetsi ochepa ndipo pa ntchito yopepuka ndi ofatsa. Mukaikamo SSD, n'kupukuta fumbi, n'kusintha mafuta a pakati pa pulosesa ndi choziziritsira, amatumikira zaka. Malire ake ndi akuti aang'onoang'ono aja ali ndi power supply ndi zolumikizira za mtundu wawowawo, kotero kuwakulitsa n'kovuta, ndipo kafani kawo kakang'ono kamakuwa mukawapatsa ntchito yolemetsa.

Mafuta ndatchulawo, amene amawatcha thermal paste, amatseka timipata tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwirizo. Kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati pa pulosesa n'kokwanira. Pansi pa choziziritsira chatsopano pamakhala kapulasitiki koonekera kofunika kumatula musanamange, ndipo amisiri okonza makompyuta angakuuzeni kuti amakapeza kangati kali pomwepo.

Mukamaliza kumanga, ntchito yatsala ndi yaulere koma ndi imene imasintha zinthu kwambiri. Lowani mu BIOS, pezani pamene pali mzere wolamulira mafani. Makampani amautchera mwamantha, moti pulosesa ikangotentha pang'ono mafani amadzuka, ikazizira amagona, kenako amadzukanso. Khutu la munthu limazolowera phokoso losasintha, ngati la mtsinje, koma lokwera ndi kutsika limalimva nthawi zonse. Ine ndinatchera kuti mafani aziyenda pa liwiro limodzi lotsika mpaka pulosesa itafika madigiri 65, ndipo azikwera pang'onopang'ono kuchokera pamenepo. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa chipangizo chilichonse. Muyese masana a tsiku lotentha, kompyuta ikugwira ntchito yolemetsa kwa theka la ola. Zimene mungapeze m'mawa wa Juni sizikuuzani kanthu za Okutobala.

Pomaliza ndi poiika. Pansi pa simenti ndi pamene fumbi lonse la m'nyumba limathera, ndiye ikwezeni pa kabenchi kapena patebulo. Kumbuyo kwake kusiyane ndi khoma mpata wolowa dzanja lotambasula. Matebulo ena ali ndi kakabati kotsekeka kopangidwira kompyuta. Mmenemo imapuma mpweya wake womwe wotentha, ndiye chitseko chikhale chotsegula kapena chichotsedwe. Mayi anga, monga amayi ambiri, amakhulupirira kuti chinthu chamtengo chimafunditsidwa nsalu, ndipo akabwera kudzacheza amayala chitenje pamwamba pa bokosi. Tinagwirizana kuti chitenjecho chizikhalapo kompyuta ikazima basi.

Masefa ndimawasolola Loweruka lililonse m'nyengo ya fumbi, ndipo kamodzi pamwezi m'dzinja. Ndimawatsuka ndi madzi, n'kuwayanika mpaka aume gwa ndisanawabwezere. M'kati ndimapemerera ndi blower kawiri pachaka, panja, nditazula waya pakhoma, chala chili pa fani iliyonse kuti mphepo isaizungulitse mopitirira muyeso n'kuwononga pozungulira pake. Ulendo woyamba ndimachita kumapeto kwa Seputembala, kutentha kusanafike pachimake, ndipo wachiwiri mvula ikakhazikika mu Januwale.